Kapinga wa Golo la Kumwera

Veldermond, 14 Juni

Lucinda wanga,

Moni kwa iwe, kwa Benedita ndi kwa Bambo. Ndikhulupirira nonse muli bwino, ndiponso kuti chifuwa cha Bambo chija chinasiya. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene umandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti unyamata unapita.

Lamulungu unadandaula kuti pafoni ndimangoti zonse zili bwino, kenako n'kuyamba kufunsa za mvula. Sunaname. Ndikamva mawu ako, zimene ndinakonza kunena zimabalalika. Ndiye ndayambanso kulemba ngati kale, kuti uziwerenga modekha, inenso ndisamaiwale kanthu.

Nkhani ndi iyi. Masewero aja a mu Ogasiti atsimikizika, achitikira pabwalo lathu. Ataliyana amene anatenga chikho chachikulu cha ku Ulaya adzakumana ndi Angelezi amene anatenga chikho chinacho. Akatswiri okhaokha, masewero amodzi, wopambana anyamule chikho tsiku lomwelo. Mzinda wonse wapenga. Ngakhale mayi wogulitsa nsomba pamlatho uja wapachika mbendera zonse ziwiri, akuti sakudziwa kuti odya kwambiri adzakhala ati.

Lachitatu anandiitana Mayi Van Oosten, amene amayendetsa bwalo lonse. Paja a Harm, mkulu wa ife osamalira kapinga, akupuma ntchito kumapeto kwa Ogasiti. Mayiwo sanandiuze n'komwe kuti ndikhale pansi. Anati, "Amílcar, ndidzayang'ana kapinga tsiku la chikho. Akadzakhala bwino, malo a Harm ndi ako, ntchito yokhazikika. Akadzapanda kukhala bwino, kontirakiti yako ikutha mu Sepitembala, ndipo sindikulonjeza kanthu. Pali funso?" Mafunso ndinali nawo ambiri, koma ndinati palibe.

Ukudziwa tanthauzo lake. Ntchito ikakhazikika, mwini nyumba ija ya zipinda ziwiri avomera kutipatsa, iwe ndi mwana mubwere sukulu isanapite patali. Zaka zonsezi ndakhala m'kachipinda aka, Benedita n'kumamuona pa Khirisimasi ndi pa Isitala basi, ulendo uliwonse atatalikirapo popanda ine. Koma chonde, kalata yosiya ntchito kusitolo ya mankhwala usapereke. Anzako usawauze. Tidikire kaye.

Ndatumiza mayuro mazana anayi. Uyambe ndi magalasi a mwana, ndipo usagule a pamsika. Zotsala ukonzetsere pampu ya pachitsime chilimwe chisanafike pachimake. Amene anaikonza chaka chatha uja usamuitanenso. Uwakumbutse Bambo kuti malalanje azithirira madzulo dzuwa litapepa, osati masana monga amachitira akaiwala, ndipo azivala chipewa.

Ndine wako,
Amílcar


Veldermond, 9 Julayi

Lucinda wanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino. Inenso ndili bwino. Chithunzi cha Benedita atavala magalasi ndachimata pafiriji. Akufanana ndi azakhali ake a Odete, koma usamuuze.

Sungakhulupirire. A Harm apita kutchuthi. Kwatsala mwezi umodzi kuti dziko lonse liyang'ane bwalo lathu, iwo amangirira kalavani yawo, kanyumba kochita kukoka kaja, kugalimoto, ulendo wa ku France. Tsiku lawo lomaliza tinali pakhofi wa m'mawa m'shedi mwathu, aliyense ndi bisiketi yake imodzi, pamene ndinalimba mtima.

"A Harm, mukupitadi?"

"Tineke wapakira kale mbatatesi ndi tchizi za ulendo wonse. Ukufuna ndikamuuze chiyani mkazi wanga?"

"Koma chikho..."

"Chikho chili mu Ogasiti. Uno ndi Julayi. Julayi ndimapita ku France."

Driss, uja amayendetsa makina ometera kapinga, anaseka mpaka kutsamwa ndi khofi. "Yendani bwino, bwana. A Pulofesa alipo. Udzu uliwonse amaudziwa dzina, ndipo aziufunditsa bulangete pogona."

Amanditcha Pulofesa chifukwa cha dipuloma yanga, komanso chifukwa ndimayeza chinyezi cha dothi ngakhale mvula ikugwa. Sindikwiya. Ndi munthu wabwino, ndipo mizere imene amasiya akameta imawongoka ngati wajambula ndi rula.

Titatha khofi a Harm ananditengera pakati pa bwalo, akutafuna switi zawo zakuda zamchere zija.

"Tamvera, Mpwitikizi. Madzi ndi a m'mamawa okha, ndipo pang'ono. Kapinga azigona wouma. Akamva ludzu, amve. Ludzu ndi limene limatsitsa mizu. Makamaka uko." Analoza golo la kumwera. Kumeneko denga la mipando ndi lalitali, dzuwa limafika mochedwa, ndipo mphepo siyenda.

"Nanga kukatentha?"

"Kuno? Kukatentha udzandiimbire, ndidzabwere kudzaona chodabwitsacho."

Zimene ananenazo ndikuzidziwa, Lucinda. Tinaziphunzira kukoleji ku Beja, ndipo ndinakhoza bwino. Kenako anandipatsa makiyi a mipope. Tsopano chilichonse chimene chingachitike pabwalopa chili pamutu panga. Ndimafika anzanga asanadzuke, ndimachoka iwo atadya kale. Dzulo ndinabwerera panjira, njinga ndi yonse, kukaonetsetsa ngati ndinatseka shedi. Ndinali nditatseka.

Mtengo wa pampu umene wanenawo wakwera, koma ngati ikugwira ntchito, basi. Uwafunse lisiti. Malaya a mpira amene Benedita akupempha ndinawaona m'sitolo, mayuro makumi asanu ndi anayi, kuba kwenikweni. Umuuze kuti ndikuganizira. Afuna a Ataliyana kapena a Angelezi? Majekete a nyengo yozizira usagule. Mwini nyumba wati atidikira mpaka kumapeto kwa Ogasiti, osapitirira.

Wako nthawi zonse,
Amílcar


Veldermond, 21 Julayi

Lucinda wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo, ngakhale tulo n'tochepa.

Kwatentha. Usaseke, ndikudziwa kuti kwathuko kukutentha kuposa kuno. Koma kutentha kwa kwathu n'kouma, ukalowa pamthunzi umapuma. Kuno ndi chitungu. Mpweya ndi wonyowa ngati thaulo, ngalande za m'tauni zikununkha, anthu akuyenda ofiira psu. Akuluakulu akuti zoterezi sanazionepo. M'masitolo mafani atha.

Lachisanu masana ndinadutsa pabwalo, ndipo nditacheuka ndinaona mapazi anga onse atatsalira pakapinga. Pamene ndaponda udzu sunadzukenso. Mtundu wake unali utayamba kutuwa. Ndinaimbira a Harm, foni yotseka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinakakhala m'shedi n'kumadziuza zimene ndinaphunzira, kuti kutuwa kotero si imfa, kuti m'mawa adzadzuka yekha. Koma m'maso mwanga munali munda wa mavwende wa Bambo chaka cha chilala chija, mmene unatuwira kumayambiriro kwa sabata, pofika Loweruka uli ngati phulusa. Bambo anayenda m'mizere yonse, mzere ndi mzere. Kwathu munthu amene ali ndi madzi, n'kumangoyang'ana mbewu ikufota, timamutcha chiyani?

Dzuwa litapepa ndinatsegula mipope.

Driss anali akutsuka makina. Atamva madzi akuwaza anatuluka, burashi ili m'manja.

"A Pulofesa, bwana anati chiyani za madzi a madzulo?"

"Bwana sanakuone kutentha kumeneku."

"Zoona, iwo ali mumtsinje ku France, mimba pamtunda." Anayang'ana madziwo kanthawi. "Chabwino. Sukulu munapita ndinu. Ine maso anga ali pa mizere."

M'mawa mwake bwalo linali lobiriwira, Lucinda, moti Mayi Van Oosten anaima pakhonde la ofesi yawo n'kundigwedezera mutu. Kwa iwo kumeneko ndiye kuvina. Kuyambira tsikulo ndikuthirira m'mawa ndi madzulo omwe, mpaka kutenthaku kudutse. Ndi masiku ochepa chabe. Ndaganizira mbali zonse, ndipo ndikuona kuti ndachita bwino. Ndikuganiza choncho.

Wati madzi atsika m'chitsime. Nyemba zisiyeni, mupulumutse malalanje. Bambo akakana, uwauze kuti ndanena ndine, ndipo ndine ndinapita kusukulu ya zaulimi. Akwiya, koma amvera.

Nyumba ija ndinakaiona. Masitepe ake ndi oimirira kwambiri, ndidzafunika kuika chogwirira. Chipinda cha Benedita zenera lake layang'ana kungalande, ndipo pali abakha. Ungathe kumuuza za abakhawo.

Wako,
Amílcar


Veldermond, 29 Julayi

Lucinda,

Moni nonse. Ndili bwino.

Sindilemba zambiri, ntchito yachuluka. Pepa kuti Lamulungu sindinayankhe foni, ndinali pabwalo.

Kutentha kwatha, kwabwera mvula. Madzi a madzulo ndinasiya. Kugolo la kumwera kwatuluka timawanga tofiirira. Poyamba tinali ngati tindalama tachitsulo, tsopano tili ngati mbale, ndipo tayamba kugwirana. M'mawa pamakhala tinthu toyera ngati ulusi wa kangaude. Ukakoka udzu umangobwera m'manja. Mwina si kanthu. Ndatumiza dothi kuti akaliyeze. Mankhwala amene ndikanafuna kupopera kuno salola.

Wati Benedita wayamba kusankha mabuku oti adzatenge. Za chipinda chija usamuuzenso zambiri. Ndinafulumira.

Kalata ya kuntchito ija sunapereke, eti? Undiyankhe pa chimenechi.

A Harm abwera Lolemba.

Amílcar


Veldermond, 5 Ogasiti

Lucinda wanga,

Zikomo poyankha msanga, mtima wakhalako m'malo kuti kalatayo ikadali m'kabati. Ndamva kuti Bambo anagwa pamasitepe a kukhitchini. Ngakhale akuti sanapweteke, upite nawo kuchipatala. Ine ndili bwino, manja okha ndiwo atuluka matuza.

Wandifunsa kuti timawangato n'chiyani, ndipo wati ndisakubisire. Ndikuuza mmene zinayendera.

A Harm anafika mphuno itasupuka ndi dzuwa. Sanalowe m'shedi. Analunjika kugolo la kumwera ngati wina wawauza kale, ine pambuyo. Anagwada, n'kuzula udzu pang'ono, n'kuununkhiza.

"Chiwawu," anatero. "Anagona wonyowa?"

"Eya."

"Kamodzi?"

"Mpaka kutentha kunatha."

Ndinadikira kuti akalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Iwo anangodzuka, n'kusasa mawondo, n'kunena kuti, "Nthawi ya khofi."

M'shedi anagawa mabisiketi a ku France, aliyense imodzi. Atafika pa Driss anamufunsa.

"Driss, iwe unali kuti?"

"Pa mizere, bwana."

"Mizere yako yawongoka. Pakamwa pako ndiye panali patchuthi."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Kwanu madzi ndi mlendo wolemekezeka, akabwera mumamuphera nkhuku. Kuno madzi ndi mdani amene timakhala naye mudzi umodzi. Dziko lonseli tinachita kumulanda. Iwe wamutsegulira chitseko kuti adzagone ndi kapinga wanga kunja kukutentha."

"Ndimadziwa, a Harm. Ndimadziwa bwinobwino."

"Ndikudziwa kuti umadziwa. Idya bisiketi yako."

Tinachita chimene chinatsala. Tinadula mbali yonse yodwalayo, kuyambira pagolo mpaka kupitirira kadontho koyera ka penate, n'kuyala kapinga watsopano amene anabwera m'mipukutu kuchokera kufamu. Tamuikira nyale zazikulu kuti ziziwala ngati dzuwa, ndi mafani oti mphepo iziyenda. Driss akumeta mwanzeru kuti mitundu iwiriyo isaoneke kusiyana. Ukayang'ana uli pamipando, bwalo ndi lokongola ngati kapeti. Vuto lili pansi. Kapinga woyala amafuna nthawi kuti mizu yake ilowe m'dothi, ndipo nthawi imene tatsala nayo ndi yochepa kuposa imene amafuna.

Ndinawafunsa a Harm ngati mizu igwire. Anati, "Kafunse mizu."

Mayi Van Oosten anatsika ataona lole ya kapingayo. Anafunsa kuti chachitika n'chiyani. A Harm anati, "Chilimwe choipa. Tikukonza." Mayiwo anayang'ana iwo, kenako ine, n'kubwerera kuofesi. Usiku umenewo sindinadye.

Mwezi uno ndatumiza zomwe zija. Uchotsepo za takisi ya kuchipatala, Bambo asakwere basi. Masewero adzaonetsa pakanema Lachitatu la sabata yamawa. Ngati mudzapite kukaonera kumalo a khofi a pamphambano, usadzauze anthu kuti kapingayo ndi wa mwamuna wako.

Wako,
Amílcar


Veldermond, 15 Ogasiti

Lucinda wanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Mauthenga ako onse ndinawaona, ndipo pepa kuti sindinaimbe. Ndili moyo, ndikudya, usade nkhawa ndi zimenezo.

Munaonera, choncho mapeto ake ukuwadziwa. Ndikuuza zimene kanema sanaonetse.

Tsiku loti mawa masewero, woimbira anayendera bwalo limodzi ndi akuluakulu a mpikisano ndi Mayi Van Oosten. Atafika pakati anafunsa kuti, "Zikadzafika pa mapenate, magolo onse awiri ali bwino?" Lamulo ndi lakuti golo la mapenate amasankha poponya ndalama, pokhapokha ngati mbali ina ili ndi vuto. Mawu amodzi akanakwanira. A Harm anandiyang'ana, chifukwa amene ndimayeza mbali imeneyo tsiku ndi tsiku ndine. Mayi Van Oosten nawonso anandiyang'ana. Ndinaganiza za zenera la abakha lija. Ndinati onse ali bwino.

"Zinali pafupi kukhala zoona," anatero a Harm anthuwo atachoka. "Tipemphere wina agoletse ziwiri."

Tsikulo mzinda unadzaza kuyambira m'mawa. Angelezi ankaimba pamlatho malaya atavula, Ataliyana ankadandaula za khofi wathu. Bwalo litadzaza, phokoso linkamveka m'mano. Ife tinakhala pabenchi yathu pakona, mafoloko athu okonzera kapinga ali pakati pa miyendo. Mpira sindinauone, Lucinda. Anthu akuti anali masewero okoma. Ine ndinkangoona nsapato. Ataliyana atagoletsa ndinasangalala, osati chifukwa chowakonda, koma chifukwa chimodzi kwa duu sichifuna mapenate.

Pa nthawi yopuma tinalowa kukabwezera kapinga amene watukulidwa, monga timachitira nthawi zonse. Ine ndinathamangira kumwera. Ndinaika dzanja pambali pa kadontho ka penate n'kukankha. Anasuntha pang'ono, ngati mphasa yoyala pasimenti. Ndinapondaponda ndi chidendene mpaka wina anandikoka kuti osewera akubwera.

Angelezi anabweza kutatsala pang'ono kuti athe. Driss anandigwira bondo. "A Pulofesa, pumani. Magolo ndi awiri. Mulungu sangakudeni chotero."

Ndalama inaponyedwa. Woimbira analoza kumwera.

"Kapena kapinga angalimbe," anatero Driss.

Aliyense wobwera kudzamenya, ine maso pa phazi limene waimira. Woyamba anadutsa. Wachiwiri anadutsa, koma m'mphepete munatseguka kamlomo. Goloboyi wa Angelezi anakaona kamlomoko, ndipo nthawi iliyonse akamapita pagolo ankadutsira pomwepo, n'kumakokera chidendene ngati sakudziwa. Sindikumuda, ndi ntchito yake. Pofika kwa kaputeni wa Ataliyana, amene ankayenera kugoletsa kuti akhalebe m'masewero, ndinali nditadziwa kale. Anathamanga, anaponda, kapinga anatukuka ngati chivindikiro cha poto. Munthu chagada, mpira m'mipando.

Zotsatira munaziona. Angelezi akuthamanga, kaputeni uja atakhala pansi akuloza dothi ndi manja onse awiri, makamera onse pamenepo. Ine ndinatsala pabenchi. A Harm ndiwo ananyamuka ndi foloko yawo, n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pa anthu ovina ndi timapepala tonyezimira tikugwa. Anatola chibenthu cha kapingacho, n'kuchibwezera pamalo pake, n'kuchisisita ndi dzanja. N'chifukwa chake chithunzi chimene chili m'nyuzi zonse ndi chawo. Nyuzi ina yalemba pamwamba pake kuti ndi amene anapereka chikho kwa Angelezi.

Wati Bambo anaimirira m'malo a khofi n'kunena kuti wosewerayo anavala nsapato zolakwika. Uwathokoze. Usawauze zambiri.

Akuluakulu a mpikisano akufuna lipoti. Tikakumana ndi Mayi Van Oosten sabata yamawa. Ndayamba kufunsa mitengo ya basi yobwerera kwathu, chifukwa ndege mu Sepitembala ndi zodula ndipo katundu wanga ndi wambiri. Umufunse mwamuna wa Odete ngati kukampani ya mafuta a azitona akufunabe munthu.

Wako,
Amílcar


Veldermond, 30 Ogasiti

Lucinda wanga,

Moni kwa nonse. Ndakondwa kuti dokotala wati mwendo wa Bambo sunathyoke, ndiponso kuti Odete wavomera kuti angathe kukakhala kwa iye. Ine ndili bwino. Ndachedwa kulemba chifukwa sindimadziwa poyambira.

Kumsonkhano kuja ndinapita nditakonzeka kunena zonse. Tisanakhale n'komwe pansi, a Harm anayamba. "Ndisanapite kutchuthi ndinasiya lamulo loti kukatentha azithirira madzulo. Ndinalakwitsa. Mnyamatayu anachita zimene ndinamuuza. Za magolo awiri zija, ndinamuuzanso ndine choyankha. Lembani choncho."

Ndinati, "Ayi mayi, sizinali choncho, ine..."

"Akatopa Chidatchi chake chimathawa," anatero a Harm. "Musamuvutitse." Anasaina pepala, n'kundikankhira kukhomo.

M'shedi ndinawafunsa kuti achitiranji zimenezi.

"Penshoni sadula chifukwa cha udzu."

"Koma dzina lanu, a Harm. Zaka zonsezi."

"Dzina langa likupita kukawedza nsomba. Tamvera, Mpwitikizi. Akakuchotsa iwe, abweretsa wina amene sanaphepo kapinga, ndiye adzaphe wanga kuti aphunzire. Iwe wapha kale. Sukulu yako ndalipira ine, ndipo sindilipira kawiri. Tseka chitseko, ukulowetsa ntchentche."

Akuluakulu a bwalo anali atakonza kuti pa masewero oyamba a timu yathu a Harm adzaime pakati pa bwalo ndi akazi awo, anthu onse awaombere m'manja. Zimenezo anazichotsa, akuti nthawi si yabwino. Tinatsanzikana nawo Lachisanu m'shedi, anthu ochepa, ndi keke ya maapozi. Driss anayesa nthabwala ziwiri, zonse zinagwa. A Tineke anabwera. Pogawa keke anafika pa ine n'kunena kuti, "Ndiwe Amílcar." Sanali kufunsa. Kenako anati, "Adzukulu athu anzawo anawaonetsa chithunzi chija kusukulu." Anandipatsa mbale yanga n'kupitirira. Kekeyo ndinaidya yonse, chifukwa sindinadziwe koiika.

Lolemba m'mawa ndinakwera kuofesi ndekha. Ndinawauza Mayi Van Oosten zonse, za mipope, za dzanja langa pa kadontho kaja, za yankho limene ndinapatsa woimbira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Bilu ya madzi imabwera kwa ine, Amílcar. Ndinadziwa mu Julayi kuti wina akuthirira kawiri, ndipo Harm sanathirirepo madzulo chibadwire. Lipoti linapita, iye anasaina, sindilitsegulanso. Anasankha yekha. Funso langa ndi limodzi. Ntchito ukuifuna kapena ayi?"

Pokwera masitepe ndinali nditakonza mawu abwino kwambiri. Ndimati ndinene kuti sindingakhale pampando umene munthu wina wandigulira ndi dzina lake. Ndinawayeserera m'Chidatchi, osalakwitsa ngakhale liwu limodzi.

Ndinati ndikuifuna. Mayiwo asanatseke n'komwe pakamwa, ine ndinali nditayankha kale. Kufulumira kumeneko ndiko ndakhala ndikuganizira sabata yonse. Sindinadziwe kuti ndine munthu wotero, ndipo sindikudziwa ngati ndikudandaula.

Choncho kalata ija kapereke Lolemba. Nyumba ndatenga, makiyi ali m'thumba mwanga. Ku sukulu ya mwana akufuna chikalata chake chobadwira ndi khadi la katemera, uziike m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Majekete tidzagula kuno, a kwathuko salimbana ndi mphepo ya kuno. Bambo uwasamutse iwe usananyamuke, uone ndi maso ako kuti bedi lawo lili pansi, osati kuchipinda cha pamwamba.

Ubwere msanga, Lucinda. M'tauni muno anthu ayamba kundigwira chanza kundifunira mafuno abwino, ndipo ndikufuna kuti pakhomo pakhale munthu mmodzi amene akudziwa zonse.

Ndine mwamuna wako,
Amílcar